Pisitolo ya .22 yowombera chandamale: zoti muone musanatulutse ndalama

Wofuna kuphunzira kulasa chandamale ndi pisitolo ayambe ndi ya zipolopolo zazing'ono za .22 LR (Long Rifle). Zipolopolo zake n'zotsika mtengo, mfuti sikankha dzanja mwamphamvu, ndiye munthu amaphunzira kugwira bwino ndi kukoka trigger, kachitsulo kokoka ndi chala powomba, popanda kudzidzimuka. Koma choyamba ndi mapepala. Lamulo la Firearms Act sililola kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso, ndipo nkhaniyi imayambira kupolisi. Ife a ku Zomba tilibe chowiringula, likulu la polisi la chigawo chakum'mawa lili pompano. Mfuti yopanda mapepala, ngakhale itchipe chotani, isiyeni.

Chipolopolo cha .22 LR chinatuluka mu 1887 ndipo mpangidwe wake sunasinthe kwenikweni. Mankhwala oyatsa wonga amakhala m'mphepete mwa thako la chipolopolo, osati pakati, n'chifukwa chake amati rimfire. Mavuto ambiri amachokera pomwepa. Mankhwalawo akapanda kufalikira mofanana, kansonga komenya kamagunda popanda kanthu, mfuti osalira. Zikatero lozanibe kuchandamale, dikirani masekondi 30, kenako tulutsani chipolopolocho. Komanso chipolopolochi chimapakidwa phula ndipo chimasiya mwaye wambiri, pamene mphamvu yobweza chitsulo chakumbuyo kuti chikoke china ndi yochepa. Pisitolo yabwino ndi imene imapirira zonsezi osasankha zipolopolo. Kwathu kuno mfundoyi ndiyo yaikulu, chifukwa mtundu umene mwaupeza lero mwina mwezi wamawa kulibe.

Pa chandamale ine ndimasankha mfuti imene mpope wake ndi zoyang'anira sizisuntha powomba. Zitatu zodziwika ndi Ruger Mark IV, Browning Buck Mark ndi Smith & Wesson SW22 Victory, zonse za magazini ya zipolopolo 10. Tengani ya mpope wonenepa wa mainchesi 5.5, pafupifupi masentimita 14. Kulemera kwake kumaletsa dzanja kugwedera, ndipo choyang'anira chakumbuyo chikhale chosinthika ndi sikuluwu, mmwamba ndi m'mbali.

Ruger ndi wamkulu pa gululi, mzere wake unayamba mu 1949. Mark IV ya 2016 imatseguka mukangodina batani limodzi kumbuyo. Zakale, Mark II ndi Mark III, zimalasa bwino zedi ndipo zogwiritsidwa kale ntchito zimatchipa, koma kuzibwezera pamodzi mukatsuka kumafuna mtima wautali: kachitsulo kolendewera pa hamala kakakhala molakwika, mfuti imakana kukoka. Ngati mukugula Mark IV yogwiritsidwa kale ntchito, funsani chaka chake. Zopangidwa isanafike 1 June 2017 kampani inaziitanitsa kuti ikonze vuto la sefeti.

Buck Mark, imene ilipo kuyambira 1985, ili ndi trigger yabwino kuchokera kufakitale. Iyo ndi Victory zimamasulidwa ndi masikuluwu, ndipo amenewa amakhwefuka pang'onopang'ono powomba. Zipolopolo zikayamba kumwazikana mwadzidzidzi, yambani mwamanga sikuluwu musanadandaule za mpope. Tipisitolo topepuka tofanizira mfuti zankhondo ndi tokongola ndithu, koma tambiri timafuna zipolopolo zaliwiro kuti tikoke bwino, ndipo pa mamita 25 sitipikisana ndi zitatuzi.

Pogula yakale, chotsani magazini, tsegulani, tsimikizani kuti mulibe kanthu, kenako yang'anani pakamwa polowera chipolopolo. Mukaona kachibowo kophwanyika m'mphepete, mwini wake ankaiwomba yopanda kanthu mpaka kansonga kanatema chitsulo, ndipo makoko a zipolopolo zowombedwa azikanirira potuluka. Onaninso kambedza kokoka khoko ngati kali kakuthwa, milomo ya magazini ngati sinakhote, ndi kumapeto kwa mpope ngati sikunagumuke. Magazini akhale awiri kapena kuposa, chifukwa kupeza ena pambuyo pake ndi ntchito.

Zipolopolo yesani mitundu iwiri kapena itatu, bokosi la 50 uliwonse. Tsamiritsani manja pathumba la mchenga, wombani zisanuzisanu pa mamita 25, muone mtundu umene ukusonkhana pamodzi osakakamira. Nthawi zambiri zimapambana ndi zolemera 40 grain (muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) zaliwiro wamba, monga CCI Standard Velocity. Valani zoteteza maso ndi makutu, ndipo muwombere pamalo ovomerezeka okhala ndi chulu cha dothi kumbuyo, pakuti kachipolopolo aka kamatha kupitirira kilomita imodzi.

Mdani wina ndi chinyezi cha kuno kuphiri, dzinja lonse ndi mawawa a chiperoni omwe. Mukawomba zipolopolo 300 mpaka 500, tsukani polowera chipolopolo ndi bulashi, chotsani mwaye pansi pa kambedza kaja, pakani mafuta ochepa kwambiri, chifukwa ochuluka amasanduka phala akakumana ndi mwaye. Mfutiyo musaisunge m'kachikwama kansalu kapena kasiponji, kamasunga chinyontho. Ikhale m'bokosi lachitsulo lokhoma, muli timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, zipolopolo muzikhomera pena.