Kodi munthu wa mbali ya unionist angapambane upulezidenti ku Ireland?

M'masabata omaliza a kampeni ya chisankho cha pulezidenti wa dziko la Ireland, chimene chinachitika pa 24 Okutobala 2025, mapolo a magetsi a mumsewu umene ndimadutsa popita kuntchito kuno ku Dublin anali atakolekedwa zithunzi za opikisana, ndipo mvula ya kuno, imene sisankha tsiku, inali itazinyowetsa mpaka kupindika m'makona. Ine sindinavote chifukwa sindine nzika ya dziko lino, koma nkhaniyi inandigwira mtima tsiku limene mayi wina wachikulire wa mumpingo wathu wa Presbyterian, amene anabadwira kufupi ndi malire a dziko lino ndi Northern Ireland, anandiuza tikutsuka makapu a tiyi mapemphero atatha kuti: “Mwanangu, kuno amatikonda tikakhala chete.” Kuchokera tsikulo ndakhala ndikudzifunsa ngati munthu wa mbali ya unionist angathe kupikisana pa mpando umenewu n'kupeza mavoti okwanira, ndipo ndaona kuti mwayi wake ndi wochepa kwambiri.

Munthu wa unionist ndi amene amafuna kuti Northern Ireland ikhalebe mbali ya United Kingdom. Chilumba cha Ireland chinagawidwa mu 1921, madera 6 a kumpoto n'kutsala m'manja mwa Britain, pamene madera 26 anatenga njira yopita ku ufulu wodzilamulira. Ambiri mwa anthu a unionist ndi Apulotesitanti, koma mawu awiriwa satanthauza chinthu chimodzi, ndipo amene amawasokoneza amaphonya pamene pagona nkhani. Tiyeneranso kudziwa kuti pulezidenti wa kuno salamulira boma monga zimakhalira kwathu ku Malawi. Mphamvu zoyendetsa dziko zili m'manja mwa nduna yaikulu, imene amaitcha Taoiseach, pomwe pulezidenti amasaina malamulo, amalandira alendo a boma ndipo amayankhula m'malo mwa mtundu wonse pa nthawi ya chisangalalo kapena ya maliro. Choncho anthu akamavota sayang'ana kwambiri za misonkho kapena misewu. Amafunafuna munthu amene angamuloze n'kunena kuti, uyu ndiye ife.

Chipembedzo pachokha sichinatsekerepo munthu khomo la Áras an Uachtaráin, nyumba ya pulezidenti imene ili mu Phoenix Park. Pulezidenti woyamba, Douglas Hyde, amene analowa pampando mu 1938, anali mwana wa m'busa wa Church of Ireland, ndipo Erskine Childers, amene anapambana mu 1973, nayenso anali Mpulotesitanti. Kubadwira kumpoto nakonso si chotchinga, pakuti Mary McAleese wa ku Belfast anapambana mu 1997 n'kukhala pampando zaka 14, ndipo Martin McGuinness wa ku Derry anapikisana mu 2011 n'kukhala wachitatu. Koma anthu onsewa anali ndi chinthu chimodzi chofanana: ankakhulupirira mtundu wa Ireland woima paokha. Hyde anathandiza kuyambitsa bungwe lotsitsimutsa chilankhulo cha Irish mu 1893, ndipo bambo ake a Childers ananyongedwa mochita kuwomberedwa mu 1922 pa nkhondo yapachiweniweni, ali ku mbali ya omenyera ufulu wathunthu wa dzikoli. Palibe mmodzi mwa iwo amene anaima pamaso pa ovota n'kunena kuti malire ayenera kukhalapobe.

Munthu wa unionist angakumane ndi mpanda asanafike n'komwe kwa ovota. Malamulo oyendetsera dziko amanena kuti wopikisana ayenera kukhala nzika ya Ireland ya zaka zosachepera 35, ndipo dzina lake livomerezedwe ndi aphungu 20 a Nyumba ya Malamulo kapena makhonsolo 4. Unzika si wovuta, chifukwa pangano la mtendere la Good Friday la pa 10 Epulo 1998 linavomereza kuti anthu a kumpoto ali ndi ufulu wodzitcha a Irish, a British kapena zonse ziwiri. Chovuta ndi masiginecha aja, pakuti palibe chipani cha unionist chimene chili ndi mpando ku Dublin, ndipo munthuyo angadalire chifundo cha zipani zina. Chifundo choterocho chinaonekapo mu 2018, pamene Ian Marshall, mlimi wa ku Armagh amene kale anatsogolera bungwe la alimi la Ulster Farmers' Union, anasankhidwa kulowa m'nyumba yapamwamba ya Seanad mothandizidwa ndi zipani zingapo, kuphatikizapo Sinn Féin, chipani chomenyera kuti malire achotsedwe. Koma amene anamusankha anali aphungu okhaokha, osati anthu wamba, ndipo sanakhalitse pampandopo kupitirira 2020.

Pali china chimene chimandidabwitsa nthawi zonse ndikachiganizira. Nzika ya Ireland yokhala ku Belfast ikhoza kupikisana pa upulezidenti, koma siingavote, chifukwa voti ndi ya nzika zokhala m'madera 26 okha. Msonkhano wounika malamulo oyendetsera dziko unalimbikitsa mu 2013 kuti nzika zokhala kunja zizivota nawo, koma referendamu yake sinachitike. Zikutanthauza kuti wopikisana wa unionist angalowe m'bwalo atasiya anthu ake onse kutsidya kwa malire. Ndipo atati wapambana, ayenera kulumbira pamaso pa Mulungu kuti adzasunga malamulo oyendetsera dziko, amene ndime yake yachitatu imanena poyera kuti cholinga cha mtundu wa Ireland ndi kugwirizanitsa anthu onse a pachilumbachi mwamtendere. Sindikuona mmene munthu wa unionist woona mtima angalumbirire zimenezi popanda kudzikana.

Chisankho cha 2025 ndicho chinationetsa pafupi mmene mitima ya ovota ilili. Heather Humphreys, amene anaimira Fine Gael, chimodzi mwa zipani zimene zinali m'boma, sanali wa unionist ngakhale pang'ono. Ndi mayi wa mpingo wa Presbyterian wochokera ku Monaghan, limodzi mwa madera atatu a Ulster, chigawo cha kumpoto kwa chilumbachi, amene anatsala kumwera pamodzi ndi Cavan ndi Donegal, ndipo ndi iye amene anali nduna yoyang'anira mwambo wokumbukira zaka 100 za kuukira ulamuliro wa Britain kumene kunachitika pa Isitala ya 1916. Ananena mobwerezabwereza kuti amafuna Ireland wogwirizana. Komabe agogo ake aamuna anasaina nawo pangano la Ulster Covenant la 1912 lokana ulamuliro wa ku Dublin, ndipo pa kampeni anafunsidwa kambirimbiri za ubale wa banja lake ndi Orange Order, gulu la Apulotesitanti a mbali ya unionist, pamene pa intaneti ena anamunyoza chifukwa cha mpingo wake. Catherine Connolly anapambana ndi mavoti pafupifupi 63 pa 100 alionse, Humphreys n'kupeza pafupifupi 29. Kungakhale kunama kunena kuti anagonja chifukwa cha chipembedzo, pakuti anasenza katundu wa boma limene anthu ambiri anali okwiya nalo, makamaka pa vuto la kusowa kwa nyumba, ndipo Connolly anali ndi zipani zambiri zotsutsa kumbuyo kwake. Koma ine, amene ndinakulira mu CCAP, zinandipweteka kuona mayi amene anatumikira dziko lake zaka zambiri akukakamizika kutsimikizira kuti ndi mwana wa pakhomo chifukwa cha siginecha ya agogo ake. Ngati iyeyo anafunsidwa chonchi, nanga munthu amene angabwere atanyamula poyera mbendera ya Britain mumtima mwake angafunsidwe zotani?

Sindikunena kuti anthu a kumwera amadana ndi anzawo a unionist. Chaka china ndinapita ku Rossnowlagh ku Donegal, kumene gulu la Orange limachita perete wake Loweruka lotsogolera pa 12 Julayi, tsiku la chikondwerero chawo chachikulu, ndipo ndinaona abambo okalamba ovala zipewa zakuda ndi nsalu za mtundu wa lalanje m'khosi akuguba kutsata ng'oma kulowera kugombe la nyanja, ana akunyambita ayisikilimu m'mbali mwa msewu, popanda woponya mwala kapena mawu achipongwe. Ovota amakondanso pulezidenti wotambasulira dzanja anthu a mbali imeneyi. McAleese ankaitanira alendo a unionist kunyumba ya pulezidenti m'mwezi wa Julayi, ndipo ndi iye amene analandira Mfumukazi Elizabeth II mu Meyi 2011. Mary Robinson anali atachoka m'chipani cha Labour mu 1985 podandaula kuti anthu a unionist sanafunsidwe maganizo pa pangano la Anglo-Irish, la pakati pa Britain ndi Ireland pa nkhani ya Northern Ireland, ndipo zimenezi sizinamulepheretse kupambana mu 1990. Koma kulandira bwino mlendo n'kosiyana ndi kumupatsa makiyi a nyumba. Pamene pulezidenti wa nthawiyo, Michael D. Higgins, anakana mu 2021 kupita ku mapemphero a ku Armagh okumbukira zaka 100 za kugawidwa kwa chilumba, anthu ambiri kumwera anamuikira kumbuyo.

Kamwayi kamene kalipo kakubisala m'njira yovotera. Kuno munthu salemba chizindikiro pa dzina limodzi lokha, koma amaika manambala 1, 2, 3 motsatira mmene akuwakondera opikisana, ndipo mavoti a wotsalira m'mbuyo amagawidwa kwa otsalawo. Umu ndi mmene Robinson anapitirira Brian Lenihan, amene ankatsogola pa kuwerenga koyamba, atalandira mavoti ambiri a Austin Currie. Wopikisana wa unionist wofatsa, wodziwika pa ntchito za mtendere, angathe kutola manambala 2 ndi 3 ochuluka kwa anthu ofuna kuonetsa mtima wabwino, koma popanda manambala 1 okwanira angakhale woyamba kuchotsedwa, mavoti ake n'kukapindulira ena.

Chimene chingasinthe chiwerengero chimenechi ndi kuchotsedwa kwa malire, ndipo pangano la 1998 linaika mphamvu yoitanitsa referendamu ya kumpoto m'manja mwa nduna ya boma la Britain yoona za Northern Ireland. Zitatero, anthu mazana a zikwi amene lero amavotera zipani za unionist angalowe m'kaundula wa ovota, ndipo manambala 1 amene akusowa lero angapezeke ku Antrim ndi ku Down. Mayi wa kumpingo uja nditamufotokozera maganizo amenewa, anapukuta manja ake pa thaulo n'kundiyankha kuti pa tsiku limenelo munthuyo adzakhala atataya kale chinthu chimene ankachimenyera.