Mapesi anakana, buluku linavomera

Chaka chomaliza ku yunivesite ndinasankha kafukufuku wosandutsa mapesi a chimanga kukhala shuga wopangira ethanol. Ku Dwangwa amapanga ethanol ndi zotsalira za nzimbe, nanga mapesi amene timangowatentha m'mundawa alakwanji? M'phesi muli cellulose, womwe ndi shuga wolumikizana mumzere wautali, ndipo chodula mzerewo ndi enzyme, puloteni yogwira ntchito ngati lumo, yotchedwa cellulase. Yathuyo inkachokera ku nkhungu ya Trichoderma reesei. Aphunzitsi ankakonda mbiri yake: inapezeka ku Solomon Islands pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ikudya matenti ndi mayunifolomu a thonje a asilikali a ku America. Zimenezi ndinkalemba m'kope uku ndikuyasamula.

Mapesi anga anakana. Ndinawapera, kuthira enzyme, kutenthetsa pa madigiri 50, pH (muyeso wa kuwawasa kwa madzi) ili pa 4.8, zonse mwamalamulo. Ukathira DNS, mankhwala oyezera shuga, madzi amafiira ngati muli shuga. Anga ankangofiirako mwamanyazi. Chodabwitsa, ndikayeza enzyme yotsala m'madzimo ndinkapeza yachepa kwambiri, moti ndinayamba kumuyang'ana ndi diso loipa mnzanga wa tebulo loyandikana.

"Wakubayo ndi lignin, musiye mnzakoyo," anatero aphunzitsi.

Enzyme imeneyi ili ndi kadzanja, amakatcha CBM, kogwirira pa cellulose kuti mbali yodulayo igwire ntchito. Tsoka lake kadzanjako sikasankha. Kakangokhudza lignin, chinthu chouma chija chimene chimakuta cellulose ndi kulimbitsa phesi, kamakanirira pomwepo ngati mbalame pa ulimbo, osadula kanthu. Ndiye umayenera kuyamba waviika mapesi mu sodium hydroxide kuti lignin achepe, kapena kuthira BSA, puloteni ya m'magazi a ng'ombe, kuti ikhale pa lignin enzyme isanafike.

Masiku omwewo ndinayenera kukaonekera kwa atsibweni a bwenzi langa ku Balaka. Buluku labwino ndinali nalo limodzi, la khaki, la thonje, la pakaunjika, louma gwa. Ndinali nditawerenga kuti mafakitale a jinzi amafewetsa nsalu ndi cellulase yomweyi. Ndinatenga yotsala m'botolo, kuthira m'ndowa ya madzi ofunda, kuviika buluku, kuika padzuwa la Okutobala. Mafakitalewo amaviika kanthawi kochepa, kenako n'kuipha enzyme ndi madzi otentha kwambiri. Koma ine ndinati iyi ndi enzyme yaulesi, mapesi inawalephera, ndiipatse mpata. Inagona m'ndowamo kumapeto kwa sabata konse.

Thonjetu ndi cellulose pafupifupi 90 pa 100, ndipo lignin woti n'kuikola mulibe.

Buluku linatuluka lofewa, kukoma kwake! Mu minibasi ndinkangolisisita. Tinafika masana, atsibweni atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, azakhali ndi amayi ena pamphasa, ana atazungulira kudzaona munthu wa ku yunivesite. Ndinayandikira, n'kunyonyomala mwaulemu wonse, manja pamodzi.

Kwaa!

Sikunali kung'ambika kwa pamsoko kumene munthu amabisa ndi shati. Misoko inali bwinobwino, chifukwa ulusi wake unali wa polyester, umene cellulase saudziwa n'komwe. Inachoka ndi nsalu yeniyeniyo: bondo lakumanja linatuluka, lakumanzere n'kutsatira, kumbuyo kunalowa mphepo. Nditayesa kugwira thumba, thumbalo linatsala m'manja mwanga. Ana anagwa nazo kuseka. Bwenzi langa anathawira kukhitchini.

Azakhali, Mulungu awadalitse, sanalankhule kanthu. Anangondiponyera chitenje cha amayi a mvano, ndipo nkhani yonse ya ukwati ndinaikamba nditamanga chitenje cholembedwa vesi.

"Kodi bambo, kusukulu kwanuko mumaphunzira chiyani?" anafunsa atsibweni.

Ndinafotokoza zonse, za kadzanja, za lignin, mpaka za matenti a asilikali. Anamvetsera modekha, akugwedeza mutu.

"Ndiye mankhwala anuwo mapesi amawakana, koma thonje amadya?"

"Eya, bambo."

Anayang'ana kumunda kwawo, kenako anayang'ana maondo anga.

"Mwanayu tikupatsani. Koma ukamwini mudzauyambe tikagulitsa thonje."