Digiri yanga ndi nyumba ya Amayi ku Mchengautuwa

Satifiketi yanga idakali mu envelopu ya khaki pansi pa matiresi, felemu sindinagule. Ndinaipeza nditavutika zaka zinayi, Loweruka ndi Lamlungu m'kalasi kuphunzira kayendetsedwe ka mapulojekiti, Lolemba mpaka Lachisanu pa kauntala ya hadiweya m'tauni muno ya Mzuzu kugulitsa misomali ndi penti. Maukwati a anzanga ambiri ndinangowaonera pa Facebook. Koma zomwe ndikufuna kulemba lero zinachitikira pa puloti, kutali ndi kalasi.

Kumayambiriro kwa 2023, ndili chaka chachitatu, achimwene anga a ku Johannesburg anaimba foni. "Iwe si ukuphunzira za mapulojekiti? Ine ndizitumiza ndalama, iwe uwamangire nyumba Amayi, asiye za lendi ku Chibavi." Ndinavomera mutu uli mmwamba. Tinali titangophunzira kumene Gantt chart, tchati cha mizere yopingasa chosonyeza kuti ntchito iliyonse iyamba liti ndi kutha liti, chomwe chinatchuka ndi dzina la Henry Gantt cha m'ma 1910. Ndinachijambula pa laputopu yobwereka, maziko mtundu wofiira, khoma wobiriwira, denga wabuluu. Pa pepala paja Amayi amayenera kulowa m'nyumba mwawo pasanathe miyezi isanu.

Tchaticho chinafera pa maziko pomwepo. Amisiri athu, bambo wachikulire wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, anali atandiuza kuti, "Sabata imodzi basi, achemwali." Zinatenga masabata atatu. Lole ya mchenga inatitimira m'matope, kenako kwawo kwa amisiriwo ku Ekwendeni kunagwa maliro. Ndinakwiya, ndinkaona ngati andinamiza. Patapita nthawi ndinazindikira kuti wolakwa ndinali ine pa kafunsidwe. Mukafunsa mmisiri kuti ntchito itenga masiku angati, amakupatsani masiku a ntchito yopanda mvula, yopanda maliro, yomwe simenti yafika mmawa.

M'kalasi tinali titaphunzira njira ya PERT, yomwe asilikali apamadzi a ku America anaikonza mu 1958 popanga zida za nkhondo zotchedwa Polaris. Imati usafunse nambala imodzi, funsa zitatu: zonse zikayenda bwino, zikayenda mwa masiku onse, ndi zikavuta. Yapakatiyo uchulukitse kanayi, uphatikize ndi zinazo, ugawe ndi 6. Pa mayeso ndinakhoza, koma sizinandibwerere m'mutu kuti ndingaigwiritse ntchito pa munthu wonyamula chipande cha matope. Titafika pa khoma ndinayesa. "Abambo, zonse zikayenda bwino?" Masiku asanu. "Nanga nthawi zambiri?" Anakanda m'mutu, asanu ndi atatu. "Ntchito ngati iyi yomwe inakuvutani kwambiri inatenga masiku angati?" Apa anaseka kaye, nkundifotokozera za nyumba ina ku Zolozolo yomwe inawadyera masiku 17. Ndinawerengera pa thumba la simenti, yankho 9. Khoma la kumunsi linatenga masiku khumi, ndipo ndinapita kunyumba ndikudzimva ngati pulofesa.

Chomwe chinandipweteka kwambiri chinali malata. Achimwene anaumirira kuti tigule malata msanga, khoma lisanafike ndi pa mazenera pomwe. Ndikudziwa chifukwa chake: malata amaoneka bwino pa chithunzi, munthu amaonetsa anzake kuti kumudzi kukuyenda. Ndinakana, ndinawalembera uthenga wautali pa WhatsApp wofotokoza critical path, mndandanda wa ntchito zomwe imodzi ikachedwa tsiku limodzi, pulojekiti yonse imachedwanso tsiku limodzi. Njirayi inayambira ku makampani a DuPont ndi Remington Rand mu 1957, ndipo ndinaika ndi zimenezi mu uthengamo, ngati kuti achimwene zikanawakhudza. Anayankha mawu atatu: "Kagule malata iwe." Ndalama ndi zawo. Malata anakaunjikidwa m'chipinda cha Amayi ku Chibavi, iwo nkumagona pambali pake.

Pa nkhani ya critical path ndinalondola, ngakhale kuti nanenso ndinaiphonya pena. Chomwe chinaimitsa ntchito chinali mafelemu a mazenera. Kwathu kuno felemu amaimangira m'khoma likamakwera, ndiye popanda felemu khoma silipitirira, popanda khoma konkire ya pamwamba pa mazenera sithiridwa, ndipo konkireyo imafuna masiku ake kuti ilimbe (mphamvu yake yonse amaiwerengera pa masiku 28) musanaisenzetse denga. Owotcherera amene ndinawapatsa oda ankangoti magetsi azima, mubwere mawa. Pa tchati changa mafelemu anali kamzere kakang'ono pansi penipeni, chifukwa anali otchipa. Ndinkayang'anira zodula, nkuiwala kuti chotchipa chingathenso kuimitsa anthu asanu kwa masabata awiri.

Kenako kunabwera November 2023, Reserve Bank of Malawi nkutsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Tsiku limenelo ndinali pa kauntala. Abwana anatiuza kuti tichotse timapepala tonse ta mitengo mpaka atamva kaye kwa ogulitsa zinthu mopikulitsa. Mu bajeti ya nyumba ndinali nditasiya 10 peresenti ya zogwa mwadzidzidzi monga momwe tinaphunzirira, ndipo ndalama imeneyo inasungunuka ngati mchere m'ndiwo. Simenti, waya, misomali, zonse zinakwera. Chinthu chimodzi chokha chachikulu chomwe sichinatikhudze chinali malata aja, ogulidwa pa mtengo wakale chifukwa cha matama a achimwene. Mpaka lero akaimba foni amayamba ndi, "Muli bwanji a critical path?" Ndimangoseka. M'buku muli mutu wonse wa zoopsa zomwe zingagwere pulojekiti, ndipo kugwa kwa ndalama kulimo. Kwacha inali itagwa kale ndi 25 peresenti mu May 2022, ndili pa kauntala yomweyo. Ndinkayenera kudziwa.

Apa ndili ndi dandaulo langa pa maphunzirowa. Zitsanzo zambiri m'mabuku athu zinali zakunja. Ndikhoza kukuuzani ndili m'tulo kuti Sydney Opera House, nyumba yotchuka ya zoimbaimba ku Australia, inayamba kumangidwa mu 1959, inatha mu 1973, ndipo mtengo wake unachoka pa madola 7 miliyoni a ku Australia kufika pa 102 miliyoni. Ndi nkhani yabwino. Koma ndikanakonda tikanakhalanso tsiku limodzi lathunthu pa funso loti mumakonza bwanji ndondomeko ya ntchito mumzinda momwe mvula imagwabe mpaka April, njerwa zosawotcha zikusungunuka pabwalo, kapena momwe mungalembere bajeti mu kwacha pamene katundu wanu amagulidwa ndi dola.

Gawo lomwe palibe mphunzitsi akanandikonzekeretsa linali Amayi eniakewo. Khoma litakwera anabwera kudzaona, anazungulira nyumba kawiri, nkuima kutsogolo. "Mwanawe, nanga ndizikhala pati madzulo? Khonde lili kuti?" Pa pulani panalibe khonde. Sabata yotsatira amalume nawo anati nyumba yopanda kachipinda ka alendo si nyumba. M'kalasi izi amazitcha scope creep, ntchito kumakula pang'onopang'ono ndalama zili zomwezo, ndipo mankhwala ake akuti ndi kulemba kusintha kulikonse ndi mtengo wake, mwini pulojekiti nkusainira. Ndani angapatse mayi ake fomu kuti asaine?

Ndinagula kope la chikuto cholimba, lomwe timalembamo ngongole kusitolo. Madzulo ena ndinakhala nawo pa mkeka, malata ali kumbuyo kwathu, ndinawawerengera simenti ndi mitengo ya khonde. "Amayi, khondelo ndi labwino ndithu. Koma likalowa, siling'i ituluka, ndalama sizikwanira zonse. Musankhe ndinu." Anakhala chete nthawi yaitali, ine mtima uli phaphapha, kuopa kuti ati ndayamba mwano chifukwa cha sukulu. Kenako anati, "Siling'i ndigonapo? Manga khonde." Za chipinda cha alendo anati amalume akachifuna abwere ndi njerwa zawo. Ndinalemba m'kope, Amayi anaika chala pa tsambalo mongoseka.

Analowa m'nyumba patatha chaka ndi miyezi iwiri, osati miyezi isanu. Pa kafukufuku wa chaka chomaliza ndinalemba za kuchedwa kwa nyumba zomwe amamangitsa abale okhala kunja, ndipo kope lija ndi lomwe linandipatsa mafunso oyamba. Siling'i kulibe mpaka pano, mu June chisanu cha Mzuzu chimalowera m'malata, Amayi amafunda mabulangete awiri. Madzulo mudzawapeza pakhonde akusadzula masamba. Sabata yatha achimwene aimbanso, akuti tiyambe mpanda, ndipo akufuna tigule geti kaye.