Mabokosi asanu okana kukhala phee

Chiyambireni kulemba injini yangayanga ya fizikisi ya magemu a 2D, pulogalamu yowerengera mmene zinthu zimagwera ndi kugundana mu gemu, palibe chimene chandidyera nthawi kuposa mulu wa mabokosi asanu oti angosanjikizana n'kukhala phee. Kugwetsa chinthu n'kosavuta. Umachipatsa malo, liwiro ndi kulemera, kenako umagawa sekondi imodzi m'tizigawo 60 monga amachitira magemu ambiri. Pa kachigawo kalikonse, kamene timakatcha sitepe, liwiro lopita pansi limakwera pang'ono, moti sekondi ikatha lakwera ndi mamita 9.8 pa sekondi. Bokosi limagwa mokongola ndithu, ndipo mizere yake ya pulogalamu ndi yowerengeka.

Komabe ngakhale pamenepa pali kamsampha. Uyenera kuyamba kusintha liwiro, kenako malo, pogwiritsa ntchito liwiro latsopanolo. Njirayi amaitcha semi-implicit Euler. Ukasinthanitsa mizere iwiriyo, chinthu cholendewera pa sipuling'i chimayamba kupeza mphamvu zosadziwika kochokera, n'kumakula kulendewera kwake mpaka kutuluka pa sikirini.

Thupi lolimba, loti silipindika kapena kufwanyika, limangofuna manambala atatu kuti udziwe pomwe lili: x, y ndi ngodya imene lapendekera. Ngodyayo ndiyo imabweretsa moyo. Ukakankha bokosi pakatikati limayenda molunjika, ukalikankha m'mphepete limayendanso koma likuzungulira. Kuuma kwake pozungulira kuli ndi nambala yakeyake, moment of inertia, ndipo ya bokosi umaipeza potenga m'lifupi kuchulukitsa ndi m'lifupi, kuphatikiza msinkhu kuchulukitsa ndi msinkhu, zonsezo kuchulukitsa ndi kulemera, n'kugawa ndi 12. Malamulo a Isaac Newton a mu 1687 tinawaloweza kusekondale kuti tikhoze mayeso, koma ndinawamva kukoma tsiku limene bokosi langa linamenya pansi ndi kona imodzi n'kugudubuzika lokha popanda ine kuliuza.

Kudziwa ngati zinthu ziwiri zagundana sikunandivute kwenikweni. Pali Separating Axis Theorem, imene imati ngati ungapeze mzere wodutsa pakati pa mabokosi awiri osakhudza lililonse, ndiye kuti sanagundane. Ukausowa, umayang'ana mbali imene alowererana pang'ono kwambiri, ndiyo njira yowalekanitsira. Chofunika kukumbukira n'chakuti bokosi logona pansi limafuna malo awiri okhudzana ndi nthaka. Ukalipatsa amodzi limangogwedezeka uku ndi uku.

Ntchito yeniyeni imayamba akagundana. Injini imawerengera impulse, kukankha kwa kamodzi n'kamodzi kosintha liwiro nthawi yomweyo, kuti awiriwo asapitirize kulowana. Kwa mpira umodzi wonjanja pansi zimatheka bwinobwino. Sanjikizani asanu muone. Ukakonza bokosi lapamwamba, walikankhira pansi lachinayi. Ukakonza lachinayi, wasokoneza lachitatu ndi lapamwamba lomwe. Mulu wonse umanjenjemera, lapansi limatitimira m'nthaka pang'onopang'ono, kenako onse amamwazikana. Aliyense amene anaonapo makireti a tomato atasanjikizidwa ku Soweto Market ku Lusaka amadziwa kuti lapansi limasenza onse apamwamba nthawi imodzi. Kompyuta siitha kuona zonse pamodzi chotero, imaona malo amodzi okhudzana, ikatha ipite pa ena.

Yankho ndinalipeza mu ntchito ya Erin Catto, amene mu 2006 anaonetsa ku msonkhano wa opanga magemu wa Game Developers Conference kainjini kakang'ono kamene kanadzakula n'kukhala Box2D, injini yotchuka ya fizikisi ya magemu a 2D. Njira yake, sequential impulses, ndi yodzichepetsa modabwitsa: konza malo okhudzana amodziamodzi, ukafika kumapeto bwerera poyamba, ubwereze kangapo pa sitepe imodzi yomweyo. Malangizo a Box2D yakale ankati ubwereze ka 8 pa liwiro ndi ka 3 pa malo. Kubwereza kulikonse kumachepetsako cholakwika, ngakhale sikuchithetseratu.

Pali mfundo ziwiri mkati mwake zimene ndinakhala nazo pa pepala madzulo ambiri kuno ku Chilenje, magetsi atapita, batire la laputopu litatha. Yoyamba, nthaka imakankha koma siikoka. Choncho umasunga chiwonkhetso cha kukankha konse kwa pa malo amodzi, ndipo chiwonkhetsocho ndicho sichiyenera kutsika pansi pa ziro. Kukankha kwa ulendo umodzi kutha kukhala kobweza ngati ulendo wapitawo unapyola muyeso. Kusiyana kwake kumaoneka kochepa, koma ndiko kumalola injini kudzikonza yokha. Yachiwiri ndi warm starting. Mabokosi akakhala chikhalire, mphamvu imene inawagwira pa sitepe yapita ndi pafupifupi yomweyo imene ikufunika tsopano, ndiye n'kuyambiranji pa ziro? Umayamba ndi yankho lakale. Nditaika zimenezi, mulu wanga unaima. Ndinauyang'ana kwa nthawi yaitali, mtima uli m'malo.

Zotsalazo ndi tizinthu ting'onoting'ono timene ndikuona kuti mphunzitsi wa fizikisi sangakondwere nato, koma popanda ito gemu siikhazikika. Umalola mabokosi kulowana pang'ono, mamilimita 5 mu Box2D, kuti kukhudzana kwawo kusamaduke pa sitepe iliyonse. Akalowana mopitirira, umawatulutsa pang'onopang'ono, osati mwadzidzidzi, njira imene inachokera kwa katswiri wina dzina lake Baumgarte mu 1972. Kunjanja umakuzimitsa liwiro likatsika pansi pa mita imodzi pa sekondi. Ndipo chinthu chikakhala osasuntha kwa kanthawi, umachigoneka tulo, osachiwerengeranso mpaka china chichigunde. Poyamba ndinkaona ngati n'chinyengo. Lero ndimaona kuti ndi kuvomereza kuti kompyuta imaduladula nthawi m'zidutswa pamene chilengedwe sichitero.

Mnzanga wina wophunzira uinjiniya ku yunivesite ya Zambia (UNZA) anandifunsa kuti, "Achimwene, mukuvutikiranji chonsecho Box2D ilipo yaulere?" Funso lake ndi loona, ndipo ndinamuyankha kuti ndikadzafuna kutulutsa gemu yoti anthu asewere pa mafoni awo, ndidzatenga Box2D yomweyo. Gemu ya Angry Birds ya mu 2009 inamangidwa pa iyo, ndipo injiniyo yayesedwa ndi anthu ochuluka kwa zaka zambiri. Koma kale ndikawerenga m'malangizo a Box2D kuti zinthu zoyenda zikhale pakati pa mamita 0.1 ndi 10, osati kuyeza ndi mapikiseli (timadontho ta pa sikirini), ndinkangotsatira. Tsopano ndikudziwa chifukwa chake: mamilimita 5 aja ndi malire ena onse anasankhidwa poganizira zinthu za msinkhu umenewo.

Chimene ndili nacho m'manja panopa ndi zinthu zothamanga kwambiri. Mpira wa liwiro la mamita 60 pa sekondi umalumpha mita yathunthu pa sitepe imodzi. Khoma likakhala lochindikala masentimita 20, pa sitepe ino mpira uli kuno, pa yotsatira uli kuseri, ndipo injini sionapo kugundana kulikonse. Njira yachidule ndi kuduladula sitepe m'tizigawo tina, koma imadya mphamvu ya foni. Njira inayo ndi kuwerengera nthawi yeniyeni imene mpirawo ukhudze khoma mkati mwa sitepe, n'kuuimitsa pomwepo. Ndayamba ndi mpira ndi khoma loongoka, bokosi lozungulira ndidzalionera pambuyo.