Kuweta kribensis m'thanki yagalasi ku Kasungu

Nsomba zimene ndimaweta pakhomo pano si za m'nyanja yathu. Ndi kribensis, dzina la sayansi Pelvicachromis pulcher, tinsomba ta m'mitsinje ya kumwera kwa Nigeria ndi ku Cameroon. N'zachibale ndi chambo komanso mbuna, koma kaberekedwe n'kosiyana. Chambo amafungatira mazira m'kamwa, pomwe kribensis imawamata kudenga kwa phanga n'kumalondera pakhomo. Choncho pokonza thanki, maganizo anga onse anali pa phangalo.

Magalasi anandidulira ndi bambo wina wa mawindo pa tauni: masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi, 30 kutalika, galasi la mamilimita 6. Mumalowa malita 54, okwanira banja limodzi. Silikoni womatira magalasiwo ndinagula wopanda mankhwala oletsa nkhungu, chifukwa wa m'bafa uja amapha nsomba. Atauma, ndinadzaza madzi pakhonde kuti ngati ikudontha, idonthere panja.

Mchenga ndinakatapa ku Bua, n'kuutsuka mpaka madzi atayera mbee. Mapanga ndi timiphika tadothi tiwiri, tovundikira, tobenthula pang'ono m'mphepete kuti nsomba izilowa mothinana. Khomo likakula, yaikazi sikhulupirira malowo. Kena ndinaika kumanja, kena kumanzere, pakati miyala, kuti zikayambana yothamangitsidwayo ikhale ndi kobisala.

Madzi a pampopi ali ndi klorini, ndiye ndimawagoneka m'ndowa yosavindikira masiku awiri. A pa mjigo nthawi zambiri amakhala ndi mchere wa m'nthaka wochuluka. Mbuna zimawakonda, koma kribensis ndimaisakanizira ndi amvula.

Pamene ambiri amagwa mphwayi ndi apa. Thanki yatsopano simuikamo nsomba. Ndowe za nsomba zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni. Tizilombo tosaoneka ndi maso timene timamera mu siponji ya fyuluta, chosefera madzi a m'thanki, ndi timene timamusandutsa naitiraiti, tina n'kusandutsa naitiraitiyo kukhala naitireti wosaopsa kwenikweni. Kuti tichuluke pamafunika masabata 4 mpaka 6, pampu ya mpweya ikulira usana ndi usiku, inu mukungoponyamo tinyenyeswa ta chakudya kuti tiziola. Ana a m'nyumba ankaseka kuti ndikuweta madzi. Siponjiyo musadzaichape pampopi. Muziifinyira m'madzi amene mwachotsa m'thankimo.

Hita yotenthetsera madzi musaione ngati yamatama. Kribensis imaswana bwino madzi akakhala pa madigiri 25 mpaka 27, ndipo kuzizira kwa June ndi July kuno mukukudziwa. Magetsi akathima ndimafunditsa thanki bulangete, n'kulumikiza kapampu ka mabatire.

Nsombazo ndinatenga kwa mnzanga wa ku Lilongwe. Yaimuna ndi yaitali, imafika masentimita 10, zipsepse zake n'zosongoka. Yaikazi ndi yaifupi, yonenepa pamimba. Ndinazidyetsa mphutsi za udzudzu kuphatikiza pa chakudya chogula. Mphutsizo muzikokolola zonse, musasiye chidebe chimene mukuzitapamo chikhale fakitale ya malungo.

Yaikazi ikakonzeka mudzadziwa nokha. Mimba imafiira kwambiri, imapinda thupi n'kumanjenjemera pamaso pa mwamuna, kenako imayamba kufukula mchenga m'kamphika ndi pakamwa. Tsiku lina simuionanso. Musakweze kamphikako kuti muone mazira, ikadzidzimuka imawadya. Amaswa pakatha masiku atatu, ndipo pakadutsa ena anayi kapena asanu mayi amatuluka, tiana tili ngundangunda pansi pa mimba yake, bambo akuzungulira kutchinga adani.

Chakudya cha tianato ndi yoko ya dzira lowiritsa, kachidutswa kochepa ngati mutu wa machesi, kosungunula m'madzi. Mukachulutsa madzi amanunkha tsiku lomwelo. Pakatha sabata ndimayamba kutipatsa chakudya chogula chopera ngati ufa. Sabata iliyonse ndimachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi ndi kapayipi kowonda, n'kuyang'ana m'ndowa ndisanataye chifukwa tina timakokedwa.

Makolo akayamba kumenyana, ndimachotsa yaimuna. Tiana tikatha mwezi umodzi ndi theka ndimatisamutsira m'thanki ina, chifukwa yaikazi ikafuna kuikiranso imayamba kutiluma.