Fani yakufa m'sitima yapansi pa madzi

Sabata ino yandilemetsa mutu. Anzanga oonetsa alendo malo, za Lolemba mpaka Lachitatu mukuzidziwa kale: ana asukulu, kuwerenga mitu polowa ndi potuluka, funso lomwe lija lakuti "nanga ankasamba kuti?" Kungoti ine alendo anga ndimawatsitsira m'mimba mwa sitima yankhondo yapansi pa madzi, ya nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, imene pano ndi malo oonetserako zakale kuno ku America.

Lachinayi ndiye landipsetsa mtima. Fani yokoka mpweya kuchipinda chakumbuyo, kosungira ma torpedo (mabomba oyenda m'madzi ophulitsira zombo), inafa kalekale. Tinalemba m'buku, tinanena pamsonkhano, yankho lake "ndalama sizinabwere". Masana kunatentha koopsa, ine ndili ndi gulu la achikulire. Bambo ena aimvi, amene bambo awo anamenya nkhondo m'sitima zoterezi ku Pacific, anaima pakati pa timabedi n'kundifunsa za USS Tang, imodzi mwa sitimazo. Ndinayamba kuwafotokozera kuti Tang inamira mu Okutobala 1944 itaphulitsidwa ndi torpedo yake yomwe, imene inakhota n'kubwerera komwe inachokera, ndipo anapulumuka anthu 9 okha, kuphatikizapo mtsogoleri wawo Richard O'Kane. Ndisanamalize n'komwe, ndinangoona milomo yawo yatuwa, thukuta lili kamukamu, mawondo n'kufooka.

Kutulutsa munthu wokomoka m'menemo si masewera. Makomo ake ndi mabowo oti uwerame, kwinaku ukukweza mwendo kudumpha chitsulo. Mnzanga anali yekha pageti kumtunda, poti antchito anatichepetsa. Ndinawagoneka pansi, kuwamasula mabatani, kuwakupiza ndi kapepala ka mapu a sitimayo, alendo ena atatsekereza njira chifukwa kobwerera kunalibe. Ozimitsa moto ndi amene anadzawanyamula. Anatsitsimuka, ndipo ndamva kuti ali bwino.

Lachisanu bwana anandiitanira ku ofesi. "Munalowetsa anthu ambiri nthawi imodzi," anatero. Ndinawaonetsa buku, chiwerengero sichinapitirire chimene anaika okha. Za fani sanatchuleko.

Ndinangoseka chamumtima, chifukwa nkhani yotere ndimaifotokozera alendo tsiku ndi tsiku. Mu 1942 atsogoleri a sitimazi ankabwera akudandaula kuti torpedo ya Mark 14 ikudutsa pansi pa zombo za Japan osaphulika. Akuluakulu a Bureau of Ordnance, eni ake a chidacho, ankati oponyawo ndi amene sadziwa kulunjika. Mpaka mkulu wawo wina, Charles Lockwood, anachita kutchera ukonde wa asodzi ku Australia n'kuponyeramo ma torpedo, bowo n'kupezeka pafupifupi mamita 3 kunsi kwa pomwe limayenera kukhala. Ngakhale zitatero, vuto lina, la kachitsulo kophulitsira torpedoyo, linadzatha chakumapeto kwa 1943. Anyamata ankayandikira mdani, kuponya, kumva chitsulo chikungogunda popanda kuphulika, kenako n'kudikira mabomba ogwetsedwa kuchokera pamwamba. Pankhondo yonseyo America inataya sitima zoterezi 52 ndi amuna oposa 3,500.

Loweruka ndinamanga chingwe pakhomo la chipinda chakumbuyocho, alendo akungosuzumira ali panja. Ena adandaula kuti analipira kuti aone sitima yonse, ndawalozera ku ofesi. Chingwecho sindichimasula mpaka fani ikonzedwe.