Loweruka la piyano yolemera ndi kansalu ka m'thumba

Chicago, usiku. Msana ukuwawa, manja ali matuza, koma ndilembe za lero ndisanagone poti zikadali m'mutu.

Abusa anandiimbira kusanache bwino. Akuti agogo ena achizungu a kumpoto kwa mzinda akusamukira kunyumba yosungira okalamba, ndipo piyano yawo akupereka ulere, bola papezeke woinyamula. Mpingo wathu ndi wa anthu ochepa, timapemphera m'chipinda chobwereka, ndipo kiyibodi imene ndimaimbira kwaya inayamba kalekale kumeza mawu mbali ya kumanzere. "Achimwene, mwayi uwu tisautaye," anatero. Tinabwereka galimoto ya bokosi, tinatenga malamba ndi mabulangete, ulendo.

Piyanoyo ndi ija yoimirira, yaitali kufika pachifuwa panga, thabwa lake lakuda bii ndi ukalamba. Pamwamba pa makiyi palembedwa Kimball, kampani imene inayamba konkuno ku Chicago mu 1857. Amene sananyamulepo piyano sadziwa chimene chili m'katimo. Muli chimango chachitsulo chogwira nsambo zoposa 200, zokokedwa mwamphamvu yokwana matani ambiri, ndiye chinthu chonsecho chimalemera makilogalamu oposa 200. Tinali amuna anayi, masitepe asanu ndi limodzi a pakhonde, koma thukuta linali kamukamu ngakhale kunja kukuzizira.

Tisanainyamule, agogowo anatsegula benchi lokhalira poimba kuti achotsemo mabuku a nyimbo. Pansi pa mabukuwo panali tsamba la nyuzipepala yakale, lofiirira, lothetheka m'mbali, limene wina anayala kuti fumbi lisalowe. Ndinapempha kuti ndilione. Mbali imodzi inali yodzaza ndi zotsatsa malonda. Pamwamba, m'zilembo zikuluzikulu, sitolo ina imalengeza kuti yatsitsa mitengo ya mapiyano, mtengo wakale utakhwatchidwa, watsopano uli pambali, ndipo munthu atha kupereka kangachepe koyamba, zotsala n'kumalipira pang'onopang'ono. M'munsi mwake, sitolo ya zovala imatsatsa masuti ndi maovololo, n'kutsindika kuti zonse zasokedwa ndi anthu a m'bungwe la apantchito ndipo zili ndi chizindikiro cha bungwelo.

Agogo ataona kuti ndaima nalo tsambalo nthawi yaitali, anaseka. Anati piyano imeneyi anagula ndi agogo awo aamuna, pangongole yotereyi, ndipo ndalama ina yolipirira inkachokera m'manja mwa agogo awo aakazi amene ankasoka mathalauza m'fakitale. Kenako analowa kuchipinda n'kutuluka ndi jekete la bambo awo. Anapinda thumba la m'kati, ndipo m'menemo munali kansalu kakang'ono kosokereredwa, kolembedwa Amalgamated Clothing Workers of America, dzina la bungwe la osoka zovala, pakati pali kachithunzi ka makina osokera. Anati bambo awo sankagula chovala asanapisemo dzanja m'thumba kufuna kansalu kameneka. Chikapanda kukhala nako, ankachibweza pa hang'ala ngakhale chikhale chotchipa bwanji.

Mtima wanga unagunda. Bambo anga anali telala. Ankakhala pakhonde la sitolo ya mmwenye ku Limbe, makina a Singer opalasa ndi phazi, tepi m'khosi, choko kukhutu. Ndinakula ndikumva anthu akunenerera mtengo wa ntchito yawo mpaka kufika poti ulusi wokha ndiwo walipiridwa. Palibe amene anasokererapo dzina lawo m'thumba la chovala chilichonse.

Piyano tinaifikitsa bwino. Mwendo umodzi wa benchi ndi wogwedera, makiyi awiri akukakamira, ndipo mawu ake atsika ndithu, koma ikulira. Amayi a chigwirizano anatiphikira nsima ya ufa wa m'sitolo ya anthu a ku Mexico, ndi nkhuku. Tinadya mwamsangamsanga.

Madzulo, m'malo mopumula, ndinakhala pa kompyuta. Laibulale yaikulu ya boma la America, Library of Congress, inaika pa intaneti nyuzipepala zakale zambirimbiri pamalo otchedwa Chronicling America, ndipo aliyense atha kuwerenga osalipira. Ndinatsegula za zaka za m'ma 1910, kuphatikizapo za apantchito monga The Labor World ya ku Duluth, Minnesota. Zimene ndinaona m'benchi muja si zachilendo ayi. Piyano ndi chovala cha chizindikiro zinkayendera limodzi m'masamba amenewa, chifukwa zonse zinkafuna thumba la munthu mmodzimodziyo, wogwira ntchito m'fakitale, m'njanji kapena padoko.

Nthawi imeneyo wailesi kunalibe m'nyumba za anthu. Banja likafuna nyimbo madzulo, nthawi zambiri linkaziimba lokha, ndipo piyano pabalaza inali umboni woti pakhomo pano zinthu zayamba kuyenda. Mu 1909 mokha, mafakitale a ku America anapanga mapiyano oposa 360,000. Chicago inali pakati penipeni pa malondawa: Kimball, Cable, Story & Clark, ndi masitolo ondondozana mumsewu wa Wabash Avenue, umene ndimadutsamo pa sitima ya m'mwamba popita kuntchito. Kum'mwera kwa mzinda kuli tauni yotchedwa Steger, imene dzina lake linachokera kwa mwini fakitale ya mapiyano. A kampani ya Sears ankatumiza mapiyano pa sitima mpaka kumidzi kwa amene waitanitsa kudzera m'buku lawo la malonda.

Koma taganizani. Piyano wamba inkagulitsidwa madola mazana awiri kapena atatu, pamene wogwira ntchito m'fakitale ankapeza madola 500 kapena 600 pachaka chonse. Henry Ford atalengeza mu 1914 kuti azilipira madola 5 patsiku, dziko lonse linadzidzimuka kuti ndi ndalama zochuluka. Ndiye piyano inali malipiro a miyezi ingapo, ndipo njira yokha yoti mmphawi aipeze inali ngongole. Mapangano ambiri ankanena kuti piyanoyo ndi ya sitolo kufikira senti yomaliza italipidwa. Bambo akadwala kapena fakitale ikatseka miyezi iwiri, ngolo inkabwera kudzainyamula ana akuona, ndipo zimene banja linapereka kale zinkapita.

Kutsitsa mitengo kuja nakonso kunali ndi zake. Sitolo zina zinkalemba mtengo wakale umene piyanoyo sinagulitsidwepo chiyambire, n'cholinga choti watsopanowo uoneke ngati chifundo. Zina zinkaika kamwambi kosavuta m'nyuzipepala, aliyense wotumiza yankho n'kulandira kalata yoti wapambana ndalama zochotsera pa mtengo wa piyano, pamene mtengowo anali ataukweza kale. Kunalinso mapiyano opangidwa motchipa amene wogulitsa ankangodindapo dzina lililonse lomveka bwino, lina lofanana dala ndi la kampani yotchuka, moti wogula sankadziwa fakitale imene yapanga. Chinyengo cha m'zotsatsa malonda chinafika poipa kotero kuti mu 1911 magazini ya Printers' Ink inalemba chitsanzo cha lamulo loletsa kutsatsa zabodza, limene maboma a zigawo zambiri anatengera, ndipo mu 1914 kunakhazikitsidwa Federal Trade Commission, bungwe la boma loyang'anira malonda. Kuno ku Chicago, E. W. Scripps anayesa kutulutsa nyuzipepala ya apantchito yopanda zotsatsa malonda n'komwe, The Day Book, kuti eni masitolo akuluakulu asamalamule zolembedwa. Inayamba mu 1911, inatha mu 1917.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi kusiyana kwa zotsatsa ziwirizo. Cha piyano chinkabisa: mtengo weniweni, wopanga weniweni, chimene chidzachitike ukalephera kulipira. Cha chovala chinkaulula. Chinkauza wogula kuti amene anasoka ichi ali ndi pangano la malipiro, ali ndi maola odziwika, ali ndi kokadandaula kapitawo akamulakwira. Sichinkalonjeza kuti ndi chotchipa kuposa zonse. Chinkapempha wantchito kuti akamagula akumbukire wantchito mnzake.

Ndipo kansalu kameneko sikanabwere ndi kumwetulira kwa mabwana. Mu September 1910, konkuno, atsikana ochepa osoka mathalauza ku kampani ya Hart Schaffner & Marx anaimika makina n'kutuluka, atadulidwa malipiro kuchoka pa masenti 4 kufika pa masenti atatu ndi makota atatu pa thalauza limodzi. Mmodzi mwa oyambitsa anali Hannah Shapiro, mtsikana wosakwana zaka 20. Kota ya senti! Koma moto unayaka, ndipo pofika nyengo yozizira anthu pafupifupi 40,000 osoka zovala mumzinda muno anali pa sitalaka. Anthu anafa, mabanja anagona ndi njala m'chisanu cha Chicago chimene ine ndimachiopa ndili ndi jekete ziwiri. Mu January 1911 kampaniyo inavomera kuti pakhale komiti yoweruza madandaulo, ndipo mwa anyamata amene anatulukira pa sitalakayo panali Sidney Hillman, amene mu 1914 anakhala mtsogoleri woyamba wa bungwe lija lolembedwa m'thumba la jekete la bambo a agogo. Patapita zaka pafupifupi 100, Barack Obama anavala suti ya kampani yomweyo, yosokedwa ndi a m'bungwe, usiku umene anapambana chisankho mu 2008.

Chaka chomwecho cha 1911, pa 25 March, fakitale ya zovala ya Triangle ku New York inapsa, n'kupha anthu 146, ambiri mwa iwo atsikana achiyuda ndi a ku Italy ongofika kumene m'dzikoli. Zitseko zina zinali zokhoma. Munthu wowerenga nyuzipepala mwezi wotsatira, akaona sitolo ikunena za chizindikiro cha bungwe, ankadziwa bwino chimene akuuzidwa.

Sindikufuna kukometsera zonse. Chimodzi mwa zizindikiro zoyamba za mtunduwu chinayambitsidwa ndi opanga ndudu zikuluzikulu ku San Francisco mu 1874, ndipo cholinga chake chinali kuuza ogula kuti fodyayu wapangidwa ndi azungu, osati Matchaina. Mabungwe ambiri a nthawi imeneyo sankalola anthu akuda kulowa. Munthu wa khungu langa akanaima pakhomo la ena mwa mabungwewo, akanabwezedwa. Zimenezi zimandipweteka, ndipo sindingaziiwale chifukwa choti kansalu kandisangalatsa. Komabe nzeru yake, yoti chovala chizinena za amene anachisoka, ndi yabwino, ndipo mabungwe a osoka zovala pambuyo pake anadzaza ndi amayi akuda, a ku Puerto Rico ndi a ku China omwe.

Mapiyano anagwa msika itabwera wailesi m'zaka za m'ma 1920, kenako mavuto a zachuma a 1929 anatseka mafakitale ambiri. Lero anthu akuwapereka ulere, ena akukatayidwa kudzala chifukwa kunyamula n'kodula kuposa piyanoyo. Zovala nazo zinasamukira kumaiko kumene telala salipidwa kanthu. Pa 24 April 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh inagwa n'kupha anthu oposa 1,100 osoka zovala zogulitsidwa m'masitolo a kuno. Zovala zomwezo, zikatha ntchito kuno, zimamangidwa m'mabelo n'kukatsikira pa kaunjika ku Limbe, ku Lilongwe, ku Mzuzu. Ine ndakulira kaunjika, ndipo sindinyoza mayi amene amaveka ana ake kuchokera pamulu, poti ndi zimene thumba lake lingathe. Koma ndinaona ndi maso anga makasitomala a bambo akuchepa chaka ndi chaka mpaka ntchito yawo inangotsala yopinda miyendo ya mathalauza a kaunjika ndi kusintha mazipi.

Cha m'ma 8 amayi apampando a kwaya anandiimbira za yunifomu ya Isitala. Apeza pa intaneti malaya otchipa kwambiri, akuti tikagula ambiri atichotseranso. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, asoka ndani?" Anati sakudziwa, palembedwa dzina la sitolo basi. Ndinawafotokozera za lero, mwina motalikitsa. Ndinapempha kuti tiganizire zogula nsalu kumudzi n'kupatsa matelala a ku Ndirande kapena ku Limbe, mtengo anene okha, ife osanenerera, ndipo wina wobwera kuno adzatitengere. Anati zidula, komanso miyezo ya anthu kuitumiza pa WhatsApp ndi chintchito, wina akhoza kulandira malaya osamukwana Isitala itafika kale. Akunena zoona. Tagwirizana kuti ndiwerengere mitengo yonse iwiri, nsalu, kusoka ndi katundu wa pandege, n'kuibweretsa kumsonkhano wa kwaya mawa tikaweruka mapemphero.

Wokonza mawu a piyano abwera Lachinayi. Wati tiisiye kaye masiku angapo izolowere mpweya wa m'chipindamo, ndipo popeza yakhala zaka zambiri osakokedwa, adzafunika kubwera kawiri kuti nsambo zisaduke. Ndalama yake tisonkha mawa lomwelo.